Maliro Atatu a Chimwaza Katumbu

Panangokhala, ndipo amene muli pano vomerani ngakhale ndi mutu wokha kuti tiyendera limodzi. M'dziko la nyama munali lamulo lakuti aliyense azigwira ntchito ya mtundu wake mpaka imfa. Ntchito inkachoka kwa malume kupita kwa mwana wa mlongo wawo. Njiri zinkakumba manda, njiwa zinkatsogolera nyimbo za maliro, atambala ankadzutsa dziko, nkhanu zinkameta, ndipo akatumbu ankawolotsa nyama pamtsinje ndi bwato. Palibe amene ankafunsidwa ngati ntchitoyo akuikonda. Funso lotero likanamveka ngati kufunsa munthu ngati mapazi ake akumusangalatsa.

Wosiya ntchito ya kwawo sankamangidwa kapena kukwapulidwa, pakuti dzikolo linali la nyama zaulemu. Ankangomulira maliro basi. Njiri zinkakumba dzenje n'kuikamo thunthu la nthochi m'malo mwa mtembo, ndipo dziko lonse linkaika makasu pansi kukakhala pasiwa. Mayi Njiwa ankayambitsa nyimbo yawo imodzimodzi, yofunsa wakufayo chimene wasiyira pansi chida cha makolo ake, ndipo khamu linkavomera kuti chidacho likuchiona koma mwini wake sakuoneka. Mwini wakeyo ankakhala ataima pomwepo, akumvetsera. Kuyambira tsiku limenelo palibe ankamutchula dzina, kumuyang'ana kumaso kapena kumuyankha moni. Chifukwa cha zimenezi panatha zaka zambirimbiri popanda wosiya ntchito, moti nyimbo ija ankangoiyeserera kuti isaiwalike.

Padooko pankakhala katumbu wamkulu, a Gwedeza, amene udindo wawo unali Mwini Dooko. Anali ndi chipewa cha mlaza chokhala ndi nthenga, ndiponso nkhafi yakuda bii ndi thukuta la makolo. Iwowa analera okha Chimwaza, mwana wa mlongo wawo amene anamwalira mwanayo asanadziwe n'kusambira komwe. Anamuphunzitsa kusambira, kupalasa ndi kugwadira akuluakulu. Malipiro a ntchito yawo anali oti wowoloka aliyense asiye m'bwato pang'ono pa zimene wanyamula, ndipo masiku amenewo pakhomo pa akatumbu sipankadziwika njala.

Chaka china cha mvula yamphamvu mtsinje unasefukira, unasintha njira, n'kukadutsa kutali, kumene njovu zinagwetserapo mtengo wowolokera. Sunatsanzike aliyense. Nkhanu zinautsatira. Padooko panatsala mchenga, bwato ndi akatumbu awiri.

M'mawa uliwonse a Gwedeza ankavala chipewa chawo, kulowa m'bwato, n'kuuza Chimwaza kuti akhale kutsogolo aziyang'ana ngati kuli miyala. Nyama zinkadutsa wapansi pambali pa bwatolo zitasenza katundu, zinkapereka moni mwaulemu, n'kupitirira. Tsiku lina fulu wina wachifundo anakwera. Anakhala mpaka dzuwa linapendeka, anathokoza chifukwa cha ulendo wopanda mafunde, n'kutsikira mbali yomwe anakwerera ija. Anasiya kambatata, ndipo akatumbuwo anagawana.

"Amalume," anatero Chimwaza atameza gawo lake, "mtsinje unapita."

"Ubwera."

"Podikirapo tizidya chiyani?"

"Iwe umangoganiza za m'mimba. Sukuona ulemu umene nyama zimandipatsa zikamadutsa? Wogulitsa makala amamugwadira ndani?"

"Koma amakalawo ndi onenepa, amalume."

"Kunenepa si udindo. Ine amalume anga anafera m'bwato muno. Ndipo a Nduna ananena kuti mano anga akadzatha adzandiveka bulangete lofiira pamaso pa dziko lonse. Iwenso ukadekha udzalandira lako."

Chimwaza anayang'ana mano a malume akewo. Onse anali olimba, popeza analibe chowagwedeza. Koma nthiti zawo zinkaonekera patali, ndipo anazindikira kuti bulangetelo likadzafika lidzakhala lokulungira mtembo. Ankawakonda amalume akewo, ndipo anachita mantha.

M'mawa mwake anapita ku ofesi ya a Njati, Nduna ya Ntchito. Ofesiyo inali khonde lalikulu la nsanamira zonenepa, ndipo a Njati ankakhala pakati pake n'kumabzikula kuyambira m'mawa mpaka nthawi yoweruka.

"Zikomo bwana," anatero Chimwaza atagwada. "Ndabwera kudzadandaula. Ntchito yathu yatha."

"Ntchito siitha. Dooko lilipo?"

"Lilipo, bwana."

"Bwato?"

"Lilipo."

"Nkhafi?"

"Ilipo."

"Ndiye chasowa n'chiyani?"

"Madzi, bwana."

"Za madzi si za ofesi ino. Ino ndi ya ntchito."

"Ndamva, bwana. Koma mtsinjewo unasiya ntchito yake pamalo pake. Kodi munaulira maliro?"

A Njati anabzikula nthawi yaitali. "Nkhani imeneyo tikuiona," anatero.

"Pamene mukuionapo, ine ndilireni mawa."

Maliro anachitikadi, ndipo anali okongola chifukwa aliyense anali ndi ludzu lowaona. Njiri zinakumba dzenje lakuya mopitirira muyezo. Mayi Njiwa anayambitsa nyimbo ija ndi mawu osungidwa zaka zambiri, kufunsa za chida chosiyidwa pansi, ndipo khamu linavomera mwamphamvu kuti mwini wake sakuoneka. Chimwaza anaima kumutu kwa manda akukanda khutu. A Gwedeza ndiwo anaponya dothi loyamba pa thunthu la nthochi. Sanalire, sanayang'ane kumbali, ndipo pobwerera anadutsa pafupi ndi Chimwaza ngati akudutsa chitsa. Tisabise, pamenepo Chimwaza zinamupweteka kuposa mmene ankayembekezera.

Koma mwambo unkati maliro akatha onse olira amete, ndipo ometa, nkhanu zija, anali atapita ndi mtsinje. Nyama zinasonkhana pansi pa mkuyu zikuyang'anana. Chimwaza anafika ndi chigoba cha nkhono chonola bwino, anakhala pamuzu, n'kuyamba kuchinola pamwala mokweza.

Mbawala ndiyo inayamba. Inakhala patsogolo pake ikuyang'ana kumwamba, ndipo itanyamuka ndi mutu wosalala inauza anzake kuti, "Mphepo ya pansi pa mkuyu uwu ikumeta bwino lero."

Nyama zinandanda kuti mphepo izimete. Ndipo popeza wakufa salipidwa koma amapatsidwa nsembe, iliyonse inkasiya patsinde pa mkuyupo kaufa, kansomba kouma kapena mtedza, n'kuwomba m'manja mwaulemu. Pofika madzulo mphepo ija inanyamula dengu lodzaza.

Chimwaza analunjika nalo kudooko n'kuliika m'bwato pamapazi a malume ake. A Gwedeza anayang'ana kutsidya. Dengulo linakhala pomwepo mpaka nyerere zinalipeza. Mawa lake anabweretsa lina, ndipo a Gwedeza anauza nkhafi yawo kuti, "Amoyo ndiwo amapereka chakudya kwa akufa. Sindinamvepo zotembenuza." Nyerere zinanenepa, mwini dooko akunka naonda.

Chimwaza anakhala patali n'kumawayang'anitsitsa, ndipo anaona kuti dzuwa likafika pamutu, kutentha ndi njala zinkawagonjetsa, moti ankasinza atatsamira nkhafi. Tsiku lotsatira anadikira mpaka mutu wawo utagwa, anafika mwakachetechete, n'kukhala kutsogolo kwa bwato pamalo pake pakale.

"Amalume."

Zikope za a Gwedeza zinagwedezeka, koma sizinatseguke. "Ndani?"

"Wakufa uja."

"Kodi ndikulota?"

"Mukulota."

"Ngati ndikulota, lankhula. Maloto alibe mlandu."

"Ndabwera ngati mzimu wa pabanja pano. Kumene ndiliko sindikupeza mtendere chifukwa cha nthiti zanuzi. Ndikulamula kuti mudye zimene zili m'dengumu."

Apa Chimwaza anawagwira pabwino. Mwana wamoyo ukhoza kumukalipira, koma mzimu wa pabanja ukalankhula m'maloto ngakhale wamkulu amamvera, ndipo a Gwedeza ndi amene anamuphunzitsa zimenezo. Anapapasa dengu n'kuyamba kudya maso ali chitsinzinire, osaphonya pakamwa ngakhale kamodzi.

"Mchere wachepa," anatero.

"Kumanda ndi wosowa."

"Uli bwino kumeneko?"

"Ndili bwino, amalume. Koma pali lamulo lachiwiri. Tsikani m'bwato muno, tikafune ntchito ina."

A Gwedeza anapukuta pakamwa. "Iwe ndiwe mzimu wadzulodzuloli. Nkhafi iyi anandipatsa ndi amalume anga a Thawale, ndipo anati ndisadzaisiye. Nawonso ndi mzimu, ndipo anakutsogolera kalekale. Ndimvere uti?"

"A Thawale anafa kangati?"

"Kamodzi, monga amachitira munthu waulemu."

"Zikomo, amalume. Pitirizani kugona."

Anabwerera ku ofesi ya a Njati. Popeza nduna siingalankhule ndi wakufa, a Njati anatembenukira nsanamira.

"Iwe nsanamira, ngati pali kamphepo kamene kali ndi mawu, kanene msanga."

"Ndikusiya kumeta, bwana. Mitu yonse yatha, ndipo ubweya ukuchedwa kumera. Ndilireni."

"Nsanamira, kauze kamphepoko kuti wakufa safanso."

"Zikomo kwambiri, bwana. Ndiye kuti ine ndikhoza kusintha ntchito m'mawa, masana ndi madzulo popanda maliro. Ndikawauze anzanga kuti ukafa kamodzi wamasuka moyo wako wonse."

A Njati anasiya kubzikula. Anayesa kuganizira dziko limene nyama ingasiye ntchito popanda woiimbira, koma zinawakanika.

"Nsanamira," anatero, "maliro mawa."

Anamuliranso. Njiri zinakumba dzenje lofika m'chiuno chabe. Mayi Njiwa anafunsanso za chida chosiyidwa pansi, ndipo khamu linavomeranso kuti mwini wake sakuoneka, ngakhale ena ankavomera akuyang'ana kumene kunali minda yawo yosapalira. A Gwedeza anaponyanso dothi loyamba, koma ulendo uno dzanja lawo linali ndi mphamvu, ndipo Chimwaza anaona zimenezo n'kusangalala mumtima.

Vuto linali lakuti nyama zina zinali zitaona dengu lija. Tambala wina, amene anabadwa ndi mawu aang'ono koma ankadziwa kuumba miphika, anapita ku ofesi kukapempha kuti amulire. Nyani wina wa mtundu wothyola zipatso, amene ankachita chizungulire akangokwera mtengo, anatsatira. Kenako njiri ina yomwe, imene inati yatopa ndi kukwirira nthochi. Akufa anayamba kuchuluka pamsika, onse ooneka bwino, ndipo amoyo ankagula kwa iwo akuyang'ana kumwamba. Sabata inkatha dziko lili pasiwa.

Maliro ambiri amafuna mathunthu ambiri, ndipo nthochi za pafupi zinatha. Chimwaza anaona kuti malonda ali kumanda. Ankapita kumadimba akutali, kukoka mathunthu ndi chingwe, n'kuwasiya pachipata cha manda, pamene abale a omwalira ankawapeza mwangozi n'kusiyapo nsembe. Ndipo dzuwa likafika pamutu ankapita kudooko ndi dengu. A Gwedeza anali atayamba kusinza msanga masiku amenewo. Nthawi zina ankatsinzina akangomva mapazi.

"Amalume, ndafa kawiri tsopano. A Thawale anafa kamodzi. Ndawaposa. Tsikani m'bwato."

A Gwedeza anatafuna nsomba mosafulumira. "A Thawale analandira nkhafi iyi kwa amalume awo a Kwenda, ndipo mawu anali omwewo. Amenewo ndi mizimu iwiri, imfa ziwiri. Mwafanana. Pakafanana amapambana akale."

"Kodi lamulo limenelo linalipo dzulo?"

"Usatsutsane ndi munthu wogona."

Chimwaza anatola dengu lake n'kubwereranso ku ofesi. Anapeza a Njati ataonda khosi ndi maliro, pakuti nduna inkayenera kulankhula pa maliro aliwonse, ndipo mawu otamanda omwalira anali atawathera.

"Nsanamira," anatero a Njati asanapatsidwe n'moni womwe, "kauze kamphepoko kuti kachite chifundo. Mayi Njiwa mawu asasa. Njiri zili ndi matuza. Madzi ophikira pamaliro akukatungidwa kumtsinje watsopano, ndipo opita m'mawa akubwera madzulo."

"N'chifukwa chake ndikusiya za mathunthu, bwana. Ndikufuna kukumba chitsime."

"Mtundu wokumba zitsime kulibe."

"Ndiye palibe amene ndikumulanda ntchito. Koma ngati mwatopa, bwana, ndikhoza kungosintha mwakachetechete, popanda nyimbo."

A Njati anatseka maso. "Maliro mawa," anatero ndi mawu ofooka.

Maliro achitatuwa anali omvetsa chisoni pa zifukwa zolakwika. Thunthu lomaliza m'dziko lonse analikoka ndi mwini maliro, n'kuthandizanso kulitsitsira m'dzenje, limene linali lofika m'mawondo. Mayi Njiwa ananong'ona funso lawo lija la chida, ndipo khamu linavomera ndi milomo youma kuti mwini wake sakuoneka, ena akuyasamula. Aliyense anali ndi ludzu, ndipo ulendo uno linali la madzi enieni.

Chimwaza anayamba kukumba mumchenga mmene munkadutsa mtsinje wakale. Anakumba apa, mchenga. Anakumba apo, mwala. Anakumba mpaka zikhadabo zinatha, osapeza ngakhale chinyezi. Nsembe zinasiya kubwera, chifukwa dzenje louma palibe amaliwombera m'manja. Tsiku limene anapita kudooko, m'dengu munali kachinangwa kokha.

A Gwedeza anali atatsinzina kale.

"Ndafa katatu, amalume."

"Ndinadziwa kuti ubwera nazo zimenezo. Nanenso ndakonzeka. A Thawale, a Kwenda, ndi a Mpasuka amene anasema bwato lino ndi manja awo. Atatu."

"Analisema okha?"

"Okha. Mtengo wa mbawa ndi kasemasema wobwereka. Panalibe wowathandiza, onse ankawaseka."

"Ndiye asanaliseme ankawolotsa nyama ndi chiyani?"

"Sankawolotsa."

"Ankatani?"

"Ankagwira nsomba, monga akatumbu onse a nthawi imeneyo. Ndiye nsomba zitachepa mumtsinje, iwo anaona kuti..." A Gwedeza anaima pomwepo, pakamwa pali potsegula.

"Anawalira maliro, amalume?"

Dzanja la a Gwedeza linakwera pang'onopang'ono n'kukhudza mlaza wa pamutu pawo.

"Anawaveka chipewa ichi."

"Ndiye a Mpasuka ali mbali yanga. Imfa zanga zitatu ndi yawo imodzi. Inu mwatsala ndi ziwiri."

"Ine ndinakuphunzitsa kupalasa, osati masamu."

Apa Chimwaza akanatha kulamula, ndipo akanamveredwa. Koma anayang'ana zikhadabo zake zotha, anayang'ana nkhalamba imene inamulera, ndipo nzeru zochenjerera zinamuchoka.

"Amalume, sindikulamula. Ndakumba paliponse ndipo ndalephera. Madzi alipo pansi pa mchengawu, koma sindidziwa pamene mtsinje unali wakuya. Ine ndinkakhala kutsogolo n'kumayang'ana miyala. Amene ankamva pansi ndi nkhafi ndinu. Ndithandizeni, chifukwa chinangwa ichi n'chomaliza."

A Gwedeza anapapasa chinangwacho, anachithyola pakati, n'kutambasula dzanja ndi gawo lalikulu. Chimwaza analandira.

"Kodi munthu wolota," anafunsa a Gwedeza, "amatha kuyenda ali mtulo?"

"Zimachitika."

"Ndipo kumeneko si kusiya ntchito?"

"Ndi matenda chabe."

A Gwedeza anaimirira, anatulutsa mwendo umodzi m'bwato, kenako unzake. Anayenda pamchenga maso ali chitsinzinire, nkhafi ili patsogolo, ndipo sanapunthwe. Ankalankhula ngati wobwebweta.

"Apa panali posaya, ngakhale mwana wa gwape ankawoloka. Apa ndi pamene a Thawale anagubuduza bwato atanyamula nungu. Uku kunali mwala wautali, uupewe." Anakhotera kumanzere, anayenda pang'ono, n'kuima. Anabaya mchenga ndi nkhafi, anaigwedeza, n'kuikanso khutu pa chogwirira chake. "Apa nkhafi sinkafika pansi, ngakhale chilimwe. Kumba."

Chimwaza anakumba ndi zikhadabo zotha zija. A Gwedeza anamvetsera kwa kanthawi, anadandaula kuti mzimuwu ndi waulesi, n'kuyamba kukankha mchenga ndi nkhafi ya makolo. Mchenga unayamba kuda. Kenako unayamba kulemera. Dzuwa lisanapendeke madzi anatumphuka pansi pa dzenjelo n'kukwera mpaka m'akakolo a a Gwedeza, amene anali asanapondepo madzi chichokereni mtsinje. Anaima osagwedezeka.

Nkhani ya madzi siichedwa. Nyama zinafika ndi mitsuko, amoyo ndi akufa omwe, ndipo pambuyo pake panabwera a Njati ndi Mayi Njiwa. A Njati anaona bwato lopanda munthu, anaona Mwini Dooko ali m'dzenje ndi nkhafi yodzaza matope, ndipo anakumbukira kuti m'dziko lonse munalibenso thunthu la nthochi.

"A Gwedeza," anatero mofatsa, "ndikuona kuti mukuyenda muli mtulo. Ndi matenda odziwika. Bwererani m'bwato mwanu, ife sitinaone kanthu. Ndipo bulangete lanu lija ndikhoza kulifulumizitsa, mano asanathe."

Chimwaza analibenso chochita. Akanakhoza kunyenga nduna ndi dziko lonse, koma apa panalibe wonyengedwa. Amalume ake akanangoti akulota, n'kubwerera kumpando wawo ndi ulemu wawo wonse, iye n'kukhala mzimu wa masana mpaka kalekale. Anagwira khoma la dzenjelo n'kudikira.

A Gwedeza anatsegula maso. Anaphethira chifukwa cha kuwala, kenako anamuyang'ana mnyamatayo kumaso, nthawi yaitali, pamaso pa onse.

"Chimwaza," anatero, "waonda. Ndiponso wakumba mokhota, khoma ili ligwa."

"Ndikonza, amalume."

"Ndili maso, bwana Nduna. Zikomo chifukwa cha bulangete."

A Njati anapuma mozama. "Lamulo ndi lamulo. Mayi Njiwa, yambitsani."

Mayi Njiwa anayasamula, koma sipanatuluke kanthu. A Gwedeza anatenga chikho cha mbawala, anatunga madzi n'kuwapatsa. Mayi Njiwa anamwa, anamwanso, anakonza kukhosi, ndipo funso lija la chida chosiyidwa pansi linatuluka bwino kuposa masiku onse. Anaima kudikira ovomera. Koma ovomerawo anali atandanda ndi mitsuko yawo, ndipo chida chinali m'manja mwa mwini wake, amene ankaoneka bwinobwino akutungira tambala woumba miphika uja. Nyama zinayang'anana. Palibe inavomera. Mayi Njiwa anayesanso kachiwiri, kenako anafunsa ngati alipo amene ali ndi mtsuko wapadera.

A Njati anati nkhaniyo akaiona ku ofesi, n'kukaima kumapeto kwa mzere.

Madzulo ake akatumbu awiriwo anakoka bwato lija mpaka pachitsime n'kulidzaza madzi kuti nyama zopanda mitsuko zizimweramo. Kanali koyamba kuti bwatolo likhudze madzi chichokereni mtsinje, ngakhale kuti madziwo anali mkati. A Gwedeza analiyang'ana kwa kanthawi, anapukusa mutu, kenako anavula chipewa cha mlaza chija n'kuchikhazika pamutu pa Chimwaza. Chinamukulira mpaka m'maso.

"Ndi cha Mwini Dooko ichi, amalume."

"Ndi cha a Mpasuka. Ife enafe tinkangokusungira."

Yanga yathera pachitsime pomwepo. Amene anasiya mbatata pamoto akaphule, isanapserere.